Muofesi Mukuzizira Bwino Koma Aliyense Akutsokomola: Mufufuze Pati?

Dandaulo lake limafanana kulikonse, kaya ndi mumzinda wa Tete, ku Moatize, ku Songo kapena ku Ulóngue. M'mawa munthu amalowa muofesi ali bwinobwino. Ikamakwana 11 koloko mutu wayamba kulemera, maso akuyabwa, pakhosi pauma, wapatebulo linalo wayamba kuyetsemula. Pofika masana ena akusinza pakompyuta. Akaweruka n'kukhala panja kanthawi, zonse zatha. Loweruka ndi Lamlungu palibe wodandaula, Lolemba zayambiranso. Ambiri timangoti ndi chimfine cha AC, makina oziziritsa mpweya aja, timagula mankhwala a mutu, moyo n'kumapitirira.

Si zachilendo ayi, ndipo si kwathu kokha. Mu 1984 komiti ina ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO inanena kuti nyumba zatsopano kapena zokonzedwanso zofika 30 pa 100 zilizonse padziko zingakhale zodandaulitsa anthu chifukwa cha mpweya wa mkati. Chabwino chake n'chakuti zoyambitsa zake ndi zochepa, ndipo zambiri mungazipeze nokha musanaitane mmisiri. Koma muyambe mwamvetsa chinthu chimodzi chimene ogulitsa AC sakonda kuchitchula.

AC ya pakhoma siibweretsa mpweya watsopano

AC imene ili m'maofesi ambiri kuno ndi ya zigawo ziwiri ija: chimodzi chili pakhoma mkati, china chikulira panja. Anthu ambiri amaganiza kuti chapanjacho chimakoka mphepo n'kuitumiza mkati itazizira. Sizili choncho. Pabowo la pakhoma pamangodutsa mapaipi awiri a kopa onyamula gasi, nthambo zamagetsi ndi kapaipi ka madzi. Chamkaticho chimayamwa mpweya wa m'chipinda momwemo, chimauziziritsa, n'kuubweza m'chipinda momwemo. Tsiku lonse ndi womwewo. Zili ngati beseni limodzi la madzi osamba m'manja limene lazungulira anthu khumi pamaliro: mutaliponyera ayezi lizizira ndithu, koma litsiro la manja onse aja likadali momwemo.

Ndiye mu Okutobala ndi Novembala, pamene mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40, timatseka zitseko ndi mazenera kuti gwa, ena mpaka kutseka mipata ya pansi pa chitseko ndi nsanza kuti kuzizira kusathawe. Pamenepo tatsekera mkati mpweya umene aliyense akutulutsa popuma, fungo la mankhwala okolopera, fumbi la pa nsapato, ndi tizilombo ta aliyense amene wabwera akudwala. Khungu likumva kuti zii, ndiye mtima ukuti mpweya uli bwino. Mapapo ndiwo akudziwa zoona.

Kwa masabata awiri lembani pepala n'kulisiya patebulo limodzi: ndani wadandaula, chiyani, nthawi yanji, wakhala pati, AC inali yoyatsa kapena ayi, jenereta imalira kapena ayi. Pepala limeneli ndi limene likuuzeni chigawo choyenera kuwerenga pansipa. Kupatula choyambachi, chimene sichidikira masabata awiri.

Anthu angapo adwala mutu nthawi imodzi, ena chizungulire ndi nseru

Tulukani nonse panja nthawi yomweyo, zitseko muzisiye zotsegula, kufufuza kubwere pambuyo. Zizindikiro zimenezi zikagwira anthu angapo pamodzi, makamaka magetsi atathima jenereta n'kuyatsidwa, ganizirani za carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, umalowa m'magazi n'kulanda malo a oxygen, ndipo umapha. Amene wafooka kwambiri, akulankhula zosokonekera kapena wakomoka athamangitsidwe kuchipatala, ndipo muwauze achipatala kuti panali utsi wa jenereta kapena wa makala.

Jenereta iyenera kukhala panja penipeni, pamtunda wosachepera mamita 6 kuchokera pazenera kapena pachitseko, paipi ya utsi italoza kumbali ina. Pakhonde lotchingidwa, pansi pa masitepe, m'kachipinda kogundana ndi ofesi, monsemo ndi molakwika, ngakhale ndikudziwa kuti amaiika momwemo poopa akuba. Mangirani khola la zitsulo kutali, osati kuikumbatira pakhoma. Galimoto yongolira itaima pafupi ndi zenera imachitanso chimodzimodzi.

Kumtunda kuno, ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, AC si yambiri, koma vutoli limabwera mu Juni ndi Julaye kudzera pambaula. Mlonda kapena wapakhomo lolandirira alendo amalowetsa mbaula ya makala m'kachipinda, n'kutseka zenera chifukwa cha chisanu. Makala ofiira bwino opanda utsi ndi amene amapusitsa anthu, poti amaoneka ngati atha ukali pamene akutulutsabe mpweya wakuphawo. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka, basi.

Mutu kulemera ndi tulo ta masana, kumene kumatha mukatuluka

Apa ndi pamene maofesi ambiri agwera, ndipo AC ikhoza kukhala yatsopano, yoyera mbee, vuto lilipobe. Chasowa ndi mpweya wa panja.

Kuyesa kwake koyamba n'kwa mphuno. Tulukani panja mphindi zisanu masana, kenako lowaninso. Ngati chikukulandirani ndi fungo la anthu, la thukuta losakanikirana ndi perefyumu ndi chakudya cha dzulo, ndiye kuti mpweya sukusinthidwa. Amene akhalamo kuyambira m'mawa salimva, mphuno inazolowera. N'chifukwa chake mlendo akanena kuti muno mukununkha, musamukwiyire.

Kuyesa kwachiwiri n'kwa utsi. Yatsani lubani kapena koyilo ya udzudzu, muigwire pafupi ndi mpata wa chitseko, pazenera, ndi pa kafani ka kuchimbudzi ngati kalipo. Utsi ukamangokwera mowongoka paliponse, mpweya sukuyenda. Ukamachokera kuchimbudzi kulowa muofesi, mwapeza vuto lachiwiri. Pa kafani kotulutsa mpweya ikanipo kapepala kofewa: kakuyenera kumatirira pokhapokha. Kakagwa, kafaniko kanafa kalekale ngakhale kakumveka kulira.

Amene angakwanitse agule kachipangizo koyezera carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma, ndipo asankhe kolembedwa kuti NDIR, chifukwa tina totchipa timangolota manambala. Panja kamawerenga pafupifupi 420 ppm. Muofesi yoyenda bwino mpweya nambala imakhala pansi pa 1000. Ikamakhala pamwamba pa 1500 nthawi zambiri, chipindacho chikufunika kukonzedwa. Kaikeni patebulo, kutali pang'ono ndi pakamwa pa munthu ndi pazenera, n'kumaona mmene nambala ikukwerera kuyambira m'mawa. Carbon dioxide pamlingo umenewu si poizoni, koma ndi mboni yabwino: ikachuluka, ndiye kuti chilichonse chimene anthu akutulutsa popuma chachulukanso, kuphatikizapo tizilombo ta chimfine ndi ta chifuwa chachikulu.

Nanga mpweya wokwanira ndi wochuluka bwanji? M'malangizo amene WHO inatulutsa mu 2021, nthawi ya COVID-19, inatchula malita 10 pa sekondi kwa munthu aliyense m'malo ngati maofesi. Amenewo ndi ma cubic metre 36 pa ola. Tengani chipinda cha mamita 4 mulifupi, 5 mulitali, 3 kufika kudenga. Muli ma cubic metre 60. Mukaikamo anthu 6, akufunika 216 pa ola, kutanthauza kuti mpweya wonse wa m'chipindamo usinthidwe pafupifupi katatu ndi theka pa ola lililonse. Mpata wa pansi pa chitseko sungathe ntchito imeneyo.

Chochita chosafuna ndalama ndi ichi. Wofika woyamba m'mawa atsegule mazenera ndi zitseko zonse kukadali kozizira, AC isanayatsidwe. Kenako pakatha ola lililonse kapena maola awiri, tsegulani mbali ziwiri zoyang'anizana kwa mphindi 5 mpaka 10, kuti mphepo ilowere uku itulukire uko. Zenera limodzi lokha silithandiza kwenikweni, pokhapokha muikepo fani yoloza panja ndi kutsegula chitseko. Pa nthawi ya chakudya chamasana chitaninso. Padzapezeka wina wonena kuti mukutha magetsi a Credelec, ndipo sakunama: AC igwira ntchito yowonjezera. Koma makoma, pansi ndi matebulo zimakhala zitazizira kale, ndiye chipinda chimabwerera msanga. Ine ndimaona kuti mtengo umenewo ndi wochepa poyerekeza ndi anthu atatu ogwira ntchito akusinza.

Chokhalitsa ndicho kuboola khoma n'kuikapo fani yotulutsa mpweya kumtunda, ndi kusiya polowera mpweya mbali inayo, potchingidwa ndi neti ya udzudzu. Pabokosi la fani amalembapo ma cubic metre amene imakoka pa ola, ndiye yerekezani ndi masamu aja. Ndipo ngati chipinda chimene chinamangidwira anthu atatu mwadzaza anthu asanu ndi atatu ndi makabati a mafayilo, palibe makina amene angakonze zimenezo kuposa kusamutsa ena.

Fungo la chinyezi AC ikangoyatsidwa, kuyetsemula, mphumu kuyambika

Uku ndi kuda kwa makinawo. Zimitsani AC ndi remoti komanso pakhoma. Kwezani chivundikiro cha kutsogolo, chimatseguka ndi manja. Muonamo masefa awiri a pulasitiki okhala ngati neti. Asololeni. Ngati simungaone kuwala kupyola mu sefayo, mwapeza poyambira. Igwedezeni panja, osati muofesi, itsukeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wochepa, muiyanike pamthunzi mpaka iume gwa. Dzuwa la ku Tete limapinda pulasitiki. Sefa yonyowa isabwezeredwe, chifukwa ndiye mwabzala chuku ndi manja anu. Mabuku ambiri obwera ndi ma AC amati izi zizichitika pa masabata awiri aliwonse, ndipo kumalo a fumbi ngati kwathu, m'chilimwe sabata iliyonse si kunyanyira. Amene ali ndi mphumu asapatsidwe ntchito imeneyi, ndipo woichita avale masiki.

Masefa ali panja, walitsani tochi ya foni mkati. Kuseri kwake kuli timapepala ta chitsulo tothithikana, tozizira tija. Tikuyenera kuoneka chitsulo. Tikakhala tomatidwa ndi matope ouma kapena ubweya wa fumbi, kutsuka sefa kokha sikukwanira. Kenako walitsani potulukira mphepo, pansi, mutakweza kachitseko kamene kamayendayenda kaja. Mkatimo muli fani yaitali yozungulira. Madontho akuda bii pafaniyo ndi m'mbali mwake ndi chuku chosakanikirana ndi fumbi, ndipo mphepo iliyonse imene ikukupezani patebulo yadutsa pamenepo.

Chuku chimabwera chifukwa AC imafinya madzi mumpweya. Madziwo amadontha m'kathireyi ka mkati n'kutuluka ndi kapaipi kupita panja. Pitani panja mukaone kapaipiko AC ikuyenda, makamaka nyengo ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi. Kakuyenera kudontha. Kakakhala kouma pamene mkati khoma likunyowa kapena madzi akudontha pamafayilo, ndiye katsekeka, kawirikawiri ndi ndere, fumbi, kapena dothi limene tizilombo touluka timamata kukamwa kwake. Onaninso ngati kakutsetsereka njira yonse, poti pena amisiri amakasiya katakwera penapake madzi n'kumabwerera. Ndipo kamwa lake lisamizidwe m'chidebe chodzaza kapena kulowetsedwa mwachindunji mupaipi ya kuchimbudzi, chifukwa fungo la kumeneko limakwera ndi kapaipi komweko mpaka muofesi.

Kutsuka kwa mkatiku ndi ntchito ya técnico de frio, mmisiri wa makina oziziritsa, amene amamangirira thumba pansi pa makina n'kupopera madzi ndi mankhwala ake. Mukamuitana, muuzeni ndendende: atsuke zitsulo zozizira, fani ya mkati, kathireyi ndi kapaipi ka madzi, ndipo mukufuna kuona madzi akuda amene atuluke. Pano ndiyikepo chenjezo. Yankho lofulumira la amisiri ena pa vuto lililonse ndi lakuti gasi watha, tiwonjezere. AC siidya gasi ngati mmene galimoto imadyera mafuta. Gasi akachepa ndiye kuti penapake pakutayika, ndipo kuwonjezera osatseka pobookapo ndi kumuitananso mwezi wamawa. Komanso gasi sachotsa fungo, sachotsa chuku. Ngakhale madzi oundana pamakina, amene amatchulidwa ngati umboni wa gasi, nthawi zina amabwera chifukwa cha sefa yotsekeka chabe. Tsukani kaye, muone.

Kuti chuku chisabwerere msanga, musanaweruke sinthani remoti kuti iyende fani yokha kwa theka la ola kapena kupitirira, mkatimo muume. Yang'ananinso kudenga ndi kumbuyo kwa makabati. Siling'i yothimbirira, kapeti imene inanyowapo, makatoni a mapepala ogundana ndi khoma la chinyontho, zonsezi zimamera chuku pakangopita tsiku limodzi kapena awiri zili zonyowa. Kupaka penti pamwamba pa banga sikuchiza. Tsekani podontha madzi, chowolacho chichotsedwe. M'nyumba zakale za m'maboma, kudenga kumakhalanso mileme, ndipo zitosi zake zikauma zimasefukira pansi kudzera m'ming'alu ya siling'i. Zisasesedwe zouma, ziwazidwe madzi kaye, ochotsawo atavala masiki ndi magolovesi, poti fumbi lake lingathe kudwalitsa mapapo.

Fumbi patebulo m'mawa uliwonse ngakhale mukolope bwanji

Amene ali ku Moatize safunika kuuzidwa. Chiyambireni migodi ikuluikulu ya malasha kutumiza katundu mu 2011, fumbi lakuda ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, ndipo mu 2018 anthu a ku Bagamoyo, dera la ku Moatize komweko, analowa mumgodi n'kuimitsa ntchito podandaula za fumbi lomweli. Onjezani magalimoto akuluakulu a mumsewu wa N7 opita ku Zóbuè, misewu ya dothi ya m'madera okhala anthu, ndi utsi wa moto wa tchire kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Ndiye wina anena kuti, mwatiuza titsegule mazenera, tilowetse zimenezi?

Funso lake ndi loona, ndipo palibe yankho lokoma mbali zonse. Kutseka kotheratu kumakusiyani ndi mpweya wogwiritsidwa kale ntchito, kutsegula mosasamala kumakupatsani malasha. Chimene chimathandiza ndi kusankha mbali ndi nthawi. Tsegulani mbali yosayang'ana msewu kapena mgodi. Tsekani mphepo ikamaomba kuchokera kumeneko ndiponso akamaphulitsa miyala. Mvula ikangokata, tsegulani monse. Bowo limene mapaipi a AC adutsa pakhoma limatidwe, chifukwa ambiri amalisiya lili pululu ndipo ndi njira ya fumbi ndi mphemvu.

Musadalire sefa ya AC pa nkhani imeneyi. Neti ija inapangidwira kuteteza makinawo ku fumbi lalikulu. Fumbi limene limavulaza kwambiri ndi losaoneka, lotchedwa PM2.5, limene limalowa mpaka pansi pa mapapo, ndipo limadutsa mu netiyo osaima. Malire amene WHO inaika mu 2021 ndi ma microgram 15 pa cubic metre patsiku ndi 5 pachaka. Chogwira fumbi limeneli ndi makina oyeretsa mpweya okhala ndi sefa yothina kwambiri yotchedwa HEPA, ogwirizana ndi kukula kwa chipinda, ndipo musanagule funsani ngati masefa osinthira akupezeka, apo ayi pakapita miyezi mudzakhala ndi bokosi longolira. Makina amene amadzitama kuti amatulutsa mpweya wotchedwa ozone asiyeni m'sitolo, ozone amapweteka mapapo. Dziwaninso kuti HEPA imachotsa fumbi koma siichotsa carbon dioxide, ndiye zenera likufunikabe.

Kasesedwe nako. Tsache louma m'chipinda chotseka, AC ikuyenda, limangokweza fumbi kuti makina aligawire aliyense. Akolope ndi nsalu yonyowa, anthu asanafike, mazenera ali otsegula.

Pakhosi pouma, maso ofiira, khosi louma gwa

Izi n'zosavuta. M'chilimwe mpweya wa m'chigwa cha Zambezi umakhala wouma kale, AC n'kuuumitsanso. Remoti yoikidwa pa 16 kapena 18 siiziziritsa msanga kuposa pa 24, imangochititsa makina kuyenda osapuma. Ikani pa 24 mpaka 26, lozetsani mphepo kumwamba, tebulo limene lili pansi penipeni pa AC lisunthidwe, ndipo anthu amwe madzi. Ngati kuyabwa kumabwera nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, yang'anani pepala lija: mwina ndi pamene apopera mankhwala onunkhiritsa, a udzudzu, kapena pamene fotokope yagwira ntchito yambiri. Fotokope yaikulu ikhale pakhonde kapena pafupi ndi zenera. Mankhwala a tizilombo apoperedwe Lachisanu poweruka, Lolemba mutsegule kaye. Penti yatsopano ndi mipando yatsopano ya matabwa omata zimatulutsa fungo loyabwa kwa masabata. Ndipo amayi kapena abambo amene amakolopa auzidwe mwaulemu kuti javel asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wowotcha mapapo.

Nyumba zikuluzikulu za mapaipi a kudenga

M'mabanki, m'mahotela ndi m'maofesi a makampani akuluakulu mphepo imatulukira m'mabowo a musiling'i. Makina otere nthawi zambiri amakhala ndi polowetsera mpweya wa panja, koma kachitseko kake kamapezeka katatsekedwa kuti magetsi asathe, kapena polowerapo payang'anizana ndi jenereta, poimika magalimoto kapena potaya zinyalala. Funsani woyang'anira nyumba akuonetseni polowerapo ndi maso anu, ndi buku losonyeza tsiku limene masefa anasinthidwa. Mizere yakuda pasiling'i kuzungulira mabowo ndi chizindikiro choti papita nthawi.

Kumene kuli makina oziziritsa pogwiritsa ntchito madzi padenga, pali nkhani ina. Mu 1976 anthu opitirira 200 anadwala chibayo choopsa mogwirizana ndi msonkhano wa asilikali opuma pantchito pahotela ina ku Philadelphia, ndipo oposa 30 anamwalira. Kachilombo kake kanapezeka chaka chotsatira n'kutchedwa Legionella. Kamaswana m'madzi ofunda ongokhala, a madigiri 20 mpaka 45, ndipo munthu amakatenga popuma timadontho ta madziwo. Amayamba kudwala pakapita masiku 2 mpaka 10: kutentha thupi kwambiri, chifuwa, kupuma movutika. AC ya pakhoma wamba si gwero lake lenileni, ndiye musaope mopitirira. Koma mathanki a madzi a padenga otenthedwa ndi dzuwa, mashawa osagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, ndi tizipangizo toziziritsa tothiramo madzi tija, zimafuna chisamaliro. Kachipangizo kothira madzi kakhuthulidwe ndi kuumitsidwa tsiku lililonse, ndipo kamagwira ntchito zenera lili lotsegula, apo ayi kamangodzaza chipinda ndi chinyezi.

Chifuwa chimene sichikutha ngakhale Loweruka

Zambiri zapamwambazi zili ndi chizindikiro chimodzi: munthu akachoka muofesi amapeza bwino. Chifuwa chimene chimapita naye kunyumba, chatha masabata awiri, chikubwera ndi thukuta la usiku, kuonda, kutentha thupi kapena magazi m'makhololo, musachikankhire kwa AC. Mozambique ili m'gulu la mayiko 30 amene WHO imati ali ndi chifuwa chachikulu chambiri, ndipo matendawa amafala bwino kwambiri m'chipinda chotseka chimene mpweya ukungozungulira. Kuyeza makhololo ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma, kaya ku Hospital Provincial de Tete, ku Hospital Rural de Ulóngue kapena pachipatala chaching'ono chapafupi, ndipo mankhwala a chifuwa chachikulu cha mtundu wamba amamwedwa miyezi 6. Amene anagwirapo ntchito m'migodi, ya kuno kapena ya ku Joni, atchule zimenezo kwa dokotala.

Kumuuza mnzanu n'kovuta, poti matendawa anthu amawachitira manyazi. Mutengereni pambali. "Achimwene, chifuwachi chatenga nthawi, bwanji mukayezetse, tidziwe kuti ndi fumbi chabe?" Zikapezeka kuti ndi chomwecho, amene amakhala naye chipinda chimodzi akayezedwenso, ndipo iye asasalidwe, chifukwa akayamba kumwa mankhwala mokhulupirika mphamvu yopatsira ena imatsika msanga. Wa mphumu amene akuona kuti akupopera mankhwala ake kawirikawiri masiku a ntchito kuposa masiku opuma akanenenso zimenezo kuchipatala, n'kupempha kalata.

Kukafika kwa abwana

Mukapita ndi mawu akuti AC ikutidwalitsa, yankho lake mukulidziwa kale: ena akupsa ndi dzuwa panja, inu mukudandaula kuzizira. Pitani ndi pepala lija la masabata awiri, chithunzi cha sefa ndi cha fani yakuda, ndipo mupite awiri kapena atatu. Yambani ndi zosafuna ndalama. "Bwana, tikupempha chilolezo chotsegula mazenera m'mawa ndi masana, ndiponso kuti pakhale munthu wotsuka masefa." Za fani ya pakhoma ndi kusamutsa jenereta zibwere zitaoneka kuti zoyambazo zathandiza. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, denga lodontha ndi kuboola khoma n'zokambirana ndi eni nyumba, ndipo zilembedwe m'kalata.

Lamulo la ntchito, Lei n.º 13/2023, limapereka kwa olemba ntchito udindo wosamala ukhondo ndi chitetezo cha pamalo a ntchito, ndipo zikakanika mkati, ofesi ya boma yoyendera malo a ntchito, Inspecção Geral do Trabalho, imalandira madandaulo. Koma maofesi ambiri safika kumeneko. Chimene chimalepheretsa nthawi zambiri n'chakuti ntchito yotsuka ilibe mwini. Matani kapepala pambali pa AC iliyonse, polemba tsiku limene sefa yatsukidwa ndi dzina la wotsuka. Mmisiri wotsuka mkati muitaneni kawiri pachaka: mu Ogasiti kapena Seputembala kusanatenthe, poti mu Okutobala aliyense amakhala akumufuna ndipo amagwira mothamanga, ndiponso mu Epulo mvula ikatha, kuti achotse chuku cha dzinja.